Fufuzani simenti yakale musanayale miyala m'nyumba

Nyumba zakale za m'matauni mwathu zikusintha nkhope. Ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko lino mpaka 1975, ku Sunnyside mu Blantyre, ku Area 3 ku Lilongwe, ngakhalenso m'nyumba zimene Malawi Housing Corporation yakhala ikumanga chikhazikitsidwire mu 1964, simenti yofiira ija yopaka polishi ikukwiririka pansi pa matailosi. Amene thumba lawo likulola sakufunanso matailosi wamba a kufakitale. Akufuna mwala weniweni: granite, marble, slate, kapena miyala yathyathyathya imene timaiona ikugulitsidwa m'mbali mwa misewu. Chikhumbo chimenechi n'chabwino, chifukwa mwala woyalidwa bwino umatha kuona ana ndi zidzukulu za amene anauyala. Chimene chikulakwika ndi ndondomeko. Ambiri amayamba n'kusankha mtundu wa mwala, kenako amakambirana mtengo ndi mmisiri, ndipo simenti yakale imene idzasenze zonsezo amangoisesa basi. Ine ndikuti ndondomekoyi itembenuzidwe. Mwala usanagulidwe, mwininyumba adziwe kuti simenti yapansiyo inapangidwa ndi chiyani, ikadali yolimba motani, ndipo ngati ili ndi chinyezi, madziwo akuchokera kuti. Kufufuza kumeneku ndi ntchito payokha, yofuna nthawi yake ndi malipiro ake.

Chifukwa choyamba chili m'mwala momwemo. Popeza mwala ndi wolimba ndi wolemera, anthu amaganiza kuti madzi saulowa. Koma mwala uliwonse uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo miyala imasiyana kwambiri pa kamwedwe ka madzi. Miyezo ya bungwe la ASTM la ku America imalola granite womangira kumwa madzi osapitirira 0.4 peresenti ya kulemera kwake, marble 0.2 peresenti, pamene mwala wa laimu wofewa umaloledwa kufika pa 12 peresenti. Tsono madzi okwera kuchokera pansi sabwera okha. Amasungunula mchere wa m'nthaka ndi wa m'simenti, n'kuunyamula kudzera m'timabowo tija. Akafika pamwamba madziwo amauma, mchere n'kutsala. Ukatsalira pankhope penipeni pa mwala, ndiwo ufa woyera uja umene mayi amakolopa lero, mawa wabwereranso. Ukaumira mkati, pansi pang'ono pa nkhopeyo, timibulu take timakula n'kumakankha mwala mpaka pamwamba pake kuyamba kukanganuka. Marble woyera wa ku Carrara ku Italy uli ndi tizidutswa ta chitsulo mwachibadwa, ndipo chinyezi chikakhalitsa chitsulocho chimachita dzimbiri, mwala n'kusanduka wachikasu kuyambira mkati, kumene sopo sangafike. Miyala ina yobiriwira yogulitsidwa m'dzina la marble imapindika m'mphepete ikamwa madzi mbali imodzi yokha. Ngakhale granite wakuda wa ku Mutoko ku Zimbabwe, umene madzi saulowa kwenikweni, suthetsa vutolo: madzi amangodzera m'mipata ya pakati pa matailosi, mchere n'kumaunjikana m'mizere.

Apa m'pofunika kunena chilungamo. Simenti yomatira matailosi siopa chinyezi monga amachitira matabwa kapena kapeti, ndipo matailosi a kufakitale, okhala ndi nkhope yonyezimira yosalowa madzi, amatha kukhala zaka pa simenti yonyowa pang'ono osaonetsa vuto. Amisiri athu ambiri anaphunzira ntchito pa matailosi amenewa, choncho akamati pena paliponse tailosi imagwira, sakunama. Akunena zimene anaziona. Vuto ndi kutenga chizolowezi chimenechi n'kupita nacho pa mwala. Tailosi ya kufakitale imabisa chinyezi, pamene mwala umachionetsa poyera, ndipo mtengo wake ndi wokwera kangapo. Umalemeranso kwambiri: granite wochindikala mamilimita 20 umapitirira makilogalamu 50 pa sikweya mita imodzi. Kulakwitsa kumene pa tailosi wamba kukanangokhala chilema chaching'ono, pa mwala kumakhala kutaya chuma.

Nanga pansi pa nyumba yakale pamakhala chiyani? Nyumba yomangidwa motsata malamulo a masiku ano imakhala ndi dothi lotsindira, miyala kapena njerwa zophwanya, mchenga, pepala lakuda la pulasitiki lochindikala bwino, konkire, kenako screed, simenti yosakaniza ndi mchenga yosalazira pamwamba. Pepala lakudalo ndilo limaletsa madzi a m'nthaka kukwera, koma ndi lachilendo pa mbiri ya zomangamanga. Pulasitiki wamtundu umenewu anatulukiridwa ku England mu 1933, ndipo ngakhale komweko kuika chotchinga chinyezi pansi pa konkire kunakhazikika ngati lamulo la dziko lonse m'zaka za m'ma 1960. Nyumba monga Mandala House ya 1882, ndi zina zambiri za nthawi ya atsamunda, zinamangidwa pepalali kulibe. Tisaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya nyumba za azungu zokha. M'malokeshoni mwathu muli nyumba zosapitirira zaka 20 zimene mwini wake anamanga pang'onopang'ono monga ndalama zinkapezekera, pepala n'kuikidwa pa maziko a makoma okha, kapena n'kuyalidwa pansi koma lobookabooka ndi njerwa zophwanya. Kuwonjezera apo, aliyense amene anakhalamo anasiyapo chake: uyu polishi, uyo matabwa, wina matailosi a pulasitiki, wina chigamba cha simenti pamene panadutsa paipi. Zonsezi sizingadziwike poyang'ana pamwamba. Pamafunika tchizulo ndi nyundo, n'kukumba kabowo pakona, kena pakati pa chipinda, kena pafupi ndi khoma lakunja, mpaka kufika pa dothi, kuti magawo onse aoneke.

Chimene chimapezeka kawirikawiri kwathu kuno ndi simenti ya mchenga, yotuwa ndi yokhakhala ikathyoledwa. Muyezo wake woyenera ndi gawo limodzi la simenti pa magawo atatu kapena anayi a mchenga, koma pamene thumba la simenti linatambasulidwa kuti likwanire chipinda chonse, mchenga ndiwo umachuluka. Msomali umaulula msanga: ukakanda n'kungosiya kamzere, simentiyo ili bwino, ukalowa n'kumatulutsa mchenga, palibe chomatira chimene chingagwire pamenepo, pakuti chidzagwira mchenga woyoyoka. Kugogoda ndi chitsulo chipinda chonse, phazi ndi phazi, kumasonyeza malo amene screed inasiyana ndi konkire, chifukwa pamalira mosonyeza kuti pansi pali mphako. Ndiye pali polishi. Simenti yofiira imene yapakidwa polishi Loweruka lililonse kwa zaka makumi atatu inamwa mafuta ake mpaka mkati. Dontho la madzi likakhala pamwamba pake osalowa, dziwani kuti simenti yomatira nayonso silowa. Amisiri ambiri amajompha timaenje ndi nyundo n'kuona ngati zakwana, koma pakati pa timaenjeto polishi akadalipo, ndipo mwala umakhala utagwira pa kagawo kochepa chabe ka nsana wake. Nkhope yonseyo iyenera kupalidwa.

M'nyumba zakale kwambiri mungapezeke laimu m'malo mwa simenti. Ndi woyererako, wofewa, nthawi zina wokhala ndi timibulu toyera, ndipo kachidutswa kake kakathiridwa viniga kamachita thovu kwambiri. Chizindikirochi chisadaliridwe chokha, popeza simenti yokalamba nayonso imachita thovu pang'ono pamwamba, koma chikaphatikizidwa ndi kufewa ndi mtundu, chimanena zoona. Laimu si chizindikiro cha umphawi wa omanga. Anasankhidwa chifukwa amalola chinyezi kudutsa n'kuumira m'mwamba, ndipo nyumba yonse inakonzedwa kuti izikhala motero. Kumata mwala wolemera ndi simenti yamphamvu pa laimu wofewa kumathera pa chinthu chimodzi: chomatiracho chikamauma n'kumakoka, chimang'amba nkhope ya laimuyo.

Chakuda chikaoneka, mmisiri ayambe waima kaye. Pali phula lamitundu iwiri, ndipo kuwasokoneza n'koopsa. Loyamba ndi lochindikala, mamilimita 15 kapena 20, limene omanga ena akale ankathira pansi kuti likhale chotchinga chinyezi. Limeneli likakhala lisanasweke ndi bwenzi la nyumba, ndipo woligumula poganiza kuti akuyeretsa amakhala watsegulira madzi khomo. Lachiwiri ndi lopyapyala, guluu wakuda amene ankamatira timatabwa ta pansi kapena matailosi a pulasitiki akale aja. Ena mwa matailosiwo, komanso guluu wake, anali ndi asbestos. Britain inaletsa asbestos wamtundu uliwonse mu 1999, South Africa mu 2008, chifukwa fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa khansa imene imadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40. Asbestos akakhala phee pansi savulaza munthu. Amavulaza pamene makina opalira amugaya n'kumusandutsa fumbi m'chipinda chotseka, ndipo amene amapuma fumbilo ndi mmisiri, mnyamata womuthandiza, ndi ana a m'nyumbamo. Ngakhale pakanapanda chifukwa china chilichonse, ichi chokha chikanakwanira kuti munthu adziwe chimene akufuna kupala asanayatse makina.

Palinso mtundu wina umene abale athu okhala ku Leicester, Manchester kapena London ayenera kuudziwa akamagula nyumba zakale kumeneko. Ndi magnesite, wochokera ku simenti imene Stanislas Sorel wa ku France anatulukira mu 1867, ndipo unkagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Britain kuyambira cha m'ma 1920 mpaka m'ma 1960. Ankausakaniza ndi utuchi, ndipo kawirikawiri umakhala wofiira, wofiirira kapena wachikasu. Munthu wokulira pa simenti yofiira ya kwathu angauone n'kuganiza kuti akuudziwa, chikhalirecho ndi chinthu china kotheratu. Magnesite umakoka chinyezi, umafufuma n'kufumbutuka ukanyowa, ndipo mchere wake umadya zitsulo ndi mapaipi okwiriridwa m'konkire. Kachidutswa kake kakaikidwa pa lawi la gasi kamayaka m'mphepete pamene simenti wamba siyaka. Akatswiri a kumeneko amagwirizana pa chigamulo chimodzi: suyenera kukwiriridwa, uyenera kuchotsedwa, ndipo uyambe wapimidwa ngati mulibe asbestos. M'nyumba zatsopano za ku Ulaya mulinso screed ya gypsum, yoyererako ndi yosalala, imene ikakumana ndi simenti yomatira pamalo onyowa imapanga timibulu totchedwa ettringite timene timakankha tailosi n'kuimatula.

Mtundu wa simenti ukadziwika, funso lalikulu limatsala: madzi akuchokera kuti? Mawu oti chinyezi amaphimba matenda osiyanasiyana, ndipo nthenda iliyonse ili ndi mankhwala ake. Pali madzi okwera kuchokera m'nthaka, makamaka m'nyumba zomangidwa m'mphepete mwa dambo kapena m'munsi mwa phiri. Pali madzi a paipi yodontha pansi pa konkire. Awa amadziwika mosavuta, potseka mipopi yonse n'kuyang'ana ngati mita ikuyendabe. Pali madzi a padenga amene amagwera m'tsinde mwa khoma chifukwa nyumba ilibe ngalande, kapena chifukwa dothi la panja, maluwa ndi khonde lowonjezera zinakwera mpaka kulingana ndi pansi pa m'nyumba, pamene chotchinga cha m'khoma chimayenera kukhala mamilimita 150 pamwamba pa dothi. Pomaliza pali thukuta la mpweya, limene limadikha pa simenti yozizira m'chipinda chosalowa mphepo. Malo amene chinyezi chili amathandiza kuzindikira: chikakhala chigamba chimodzi pafupi ndi bafa, ganizani za paipi, chikatsata khoma lakunja, tulukani mukaone ngalande, chikakhala ponseponse mofanana, ndiye nthaka. Zambiri mwa izi zimakonzedwa kunja kwa nyumba, ndi khasu ndi paipi yatsopano, pa mtengo wochepa kuposa wa mwala wa chipinda chimodzi.

Njira yosavuta yopimira ndi ya pepala la pulasitiki loonekera mkati, la masentimita 45 mbali zonse, lomatidwa ndi selotepi m'mphepete monse kuti mpweya usalowe. Muyezo wa ku America umati likhale maola osachepera 16, koma pa simenti yakale ndi bwino kulisiya masiku awiri kapena atatu, m'malo angapo. Madontho akakhala kunsi kwa pepala, kapena simenti ikada pamene panali pepalapo, madzi akuchokera pansi. Akakhala pamwamba pa pepala, ndi thukuta la mpweya. Koma njirayi ili ndi malire amene ayenera kunenedwa momveka: imatsimikiza kuti pansi m'ponyowa, siingatsimikize kuti m'pouma. Akatswiri amagwiritsa ntchito kabokosi komatidwa pansi kokhala ndi chipangizo choyezera chinyezi cha mpweya, ndipo ku Britain malire amene amatsatidwa ndi 75 peresenti. Ku Germany amagaya kachidutswa ka screed n'kukasakaniza ndi carbide m'botolo lachitsulo, ndipo screed ya simenti imayesedwa youma ikafika pa 2 peresenti, ya gypsum pa 0.5 peresenti. Timamita ta m'manja ta misomali iwiri toyezera chinyezi tinapangidwira matabwa. Pa simenti yokhala ndi mchere, makamaka pa magnesite, timaonetsa kunyowa ngakhale pouma, choncho tingathandize kufananiza malo ndi malo koma tisapereke chigamulo.

Kwathu kuno pali msampha umene mabuku a ku Ulaya sautchula kwenikweni, ndiwo nyengo. Mvula yathu imagwa kuyambira November mpaka April, ndipo ntchito zambiri zokonza nyumba zimachitika m'chilimwe, mu August, September ndi October, misewu itauma, ndalama za zokolola zili m'manja. Imeneyo ndiyo nthawi imene madzi a pansi pa nthaka amakhala atatsika kwambiri. Simenti imene mu February imachita thukuta, mu October imaoneka youma gwa, pepala la pulasitiki n'kutuluka lopanda dontho. Mwala umayalidwa, nyumba imakongola pa Khirisimasi, ndipo pofika March mizere yayera. M'maboma a mvula yambiri monga Mulanje ndi Nkhata Bay kusiyana kwa nyengo ziwirizi n'kwakukulu zedi. Choncho kupima kodalirika ndi kwa m'dzinja, mvula itakhazikika. Amene sangadikire ayenera kuwerenga zizindikiro zimene dzinja linasiya: mzere wa mchere m'munsi mwa khoma, penti yotupa, chuku kuseri kwa kabati, miyendo ya mipando yachitsulo yochita dzimbiri, matabwa a m'munsi mwa chitseko owola. Ayeneranso kufunsa amene ankakhalamo pa lendi ndi anansi oyandikana nawo, pakuti iwowo anaiona nyumbayo mu February. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyumba zimene zinalowa madzi osefukira ndi nkhani yapadera. Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu March 2023, komanso Ana mu January 2022, nyumba zambiri zimene sizinagwe zinakhala m'madzi ndi m'matope masiku angapo. Makoma anapakidwanso penti, koma konkire yochindikala mamilimita 150 yomwa madzi imatha kutenga miyezi yambiri, ngakhale chaka, kuti iume mpaka mkati, ndipo matope amasiya mchere umene umapitiriza kukoka chinyezi madzi ataphwa kale. Madzi othamanga amathanso kukokolola dothi la pansi pa konkire n'kusiya mphako. Wogula nyumba ku Chilobwe, ku Chikwawa kapena ku Phalombe ali ndi ufulu wofunsa kuti madzi anafika pati.

Otsutsa amayamba ndi nkhani ya nthawi ndi ndalama. Amati mwininyumba ali pa lendi kwina, akufuna kusamuka mwezi uno, ndipo mtengo wa zipangizo ukukwera sabata iliyonse, kotero kudikira n'kutaya. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindikuipeputsa. Koma tiyeni tiwerengere. Kufufuza kumene ndafotokoza kumafuna nyundo, tchizulo, msomali, viniga, pulasitiki, selotepi ndi masiku atatu. Kukonza mwala wolephera kumafuna kuugumula, ndipo mwala womatidwa ndi simenti suchoka wathunthu kawirikawiri. Kenako kugula wina, kulipiranso mmisiri, kutulutsa katundu yense m'nyumba, n'kukonzabe chinyezi chomwe chija chimene chikanakonzedwa poyamba. Kukwera mitengo kumalimbikitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa, chifukwa mwala wachiwiriwo udzagulidwa pa mtengo wa chaka chamawa. Ngati nkhawa ndi mtengo, mwala ungathe kugulidwa n'kusungidwa pouma kufufuza kukangotha; chosayenera kufulumira ndi kuumata.

Ena amati kufufuza n'kosafunika popeza pali mankhwala opaka otchinga madzi: pakani pansi ponse, yalani mwala, nkhani yatha. Mankhwala amenewa alipodi, ndipo a epoxy amagwira bwino ntchito pa simenti yolimba, yoyera, imene chinyezi chake ndi chotsalira chabe. Koma kuti mudziwe kuti simenti yanu ndi yotero, muyenera kufufuza. Pa screed yoyoyoka amamatuka pamodzi ndi mchenga, pa polishi sagwira, pa magnesite ndi pa gypsum amatsekera madzi mkati mwa chinthu chimene madzi amachiwononga. Ndipo pali funso limene wogulitsa mankhwala safunsa: madzi otsekedwawo apita kuti? Sabwerera m'nthaka. Amayenda cham'mbali mpaka apeze potulukira, ndipo potulukira pake ndi khoma. Bungwe la SPAB la ku Britain, limene William Morris anayambitsa mu 1877 kuti liziteteza nyumba zakale, lakhala likuchenjeza kuti kutseka pansi pa nyumba yakale kumatha kukankhira chinyezi m'makoma, n'chifukwa chake m'nyumba zotero ambiri amasankha laimu wolola mpweya kudutsa. Kwathu chenjezo limeneli ndi lolemera kwambiri, chifukwa nyumba zambiri ndi za njerwa zootcha zomangira dothi, zina ndi za zidina zopaka pulasitala. Dothi la pakati pa njerwa likamanyowa chaka ndi chaka m'tsinde mwa khoma, limafewa pamalo pomwe pasenza kulemera kwa nyumba yonse. Pamenepo nkhani siikhalanso ya mwala wothimbirira.

Njira ina yokondedwa ndi kuthira screed yatsopano pamwamba pa yakale. Nthawi zina ndi yoyenera, makamaka pakayalidwa pepala lakuda pakati n'kulikweza m'mbali kuti likumane ndi la m'khoma. Koma ili ndi mtengo wake wobisika. Screed yokhala pa pepala iyenera kuchindikala mamilimita osachepera 50, ndipo ukawonjeza chomatira ndi mwala, pansi pakwera pafupifupi masentimita 8. Zitseko zimadulidwa, masitepe amasokonekera, ndipo pansi patsopanopo pamatha kupitirira chotchinga cha m'khoma n'kupatsa madzi mlatho. Screed yatsopano nayonso ndi yodzaza madzi. Omanga amawerengera tsiku limodzi pa milimita iliyonse, ndiye kuti ya mamilimita 50 imafuna pafupifupi miyezi iwiri pa nyengo yabwino, ndipo yochindikala kuposa apo imachedwa kwambiri. Simenti imakhalanso ikufota m'masabata oyambirira, n'chifukwa chake miyezo ya ku Britain imati screed ipume masabata atatu, konkire masabata sikisi, tailosi isanayalidwe. Mmisiri wothira screed Lolemba n'kuyala marble Lachinayi wachotsa chinyezi chakale n'kuikapo chatsopano.

Chotsutsa chomaliza chimati zonsezi ndi za maiko olemera, kumene kuli zipangizo ndi akatswiri, ndipo makolo athu ankakhala pa simenti yomweyi popanda vuto. Zoonadi ankakhalapo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: simenti yosavindikira inkatulutsa chinyezi chake tsiku ndi tsiku, mazenera ali otsegula, mphepo n'kumachichotsa. Vuto limayamba tikavindikira. Kunena za zipangizo, n'zoona kuti kabokosi koyezera chinyezi sikapezeka m'sitolo iliyonse ya ku Limbe kapena ku Malangalanga, koma mbali yaikulu ya kufufuzaku ndi ya maso, makutu ndi kufunsa. Kusauka kwathu ndiko kukutikakamiza kusamala kwambiri. Munthu wa ku London akalakwitsa ali ndi inshuwalansi ndi makhothi a nkhani za ogula. Mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Mzuzu amene waika ndalama zake za penshoni pa miyala alibe pothawira.

Nanga n'chifukwa chiyani kufufuza sikuchitika, pamene n'kotchipa chonchi? Sindikhulupirira kuti amisiri athu ndi aulesi kapena osadziwa. Vuto lili pa kalipiridwe. Woyala matailosi amalipidwa pa sikweya mita imene wayala. Masiku atatu opima pulasitiki salowa m'chiwerengerocho, ndipo akanena kuti simentiyi siili bwino, amadziwa kuti mawa mwininyumba aitana wina amene avomere. Choncho wonena zoona amagona ndi njala, wovomera chilichonse amadya. Izi zingasinthe eni nyumba akayamba kulipira kufufuza ngati ntchito payokha, mmisiri n'kulemba pa pepala zimene wapeza: mtundu wa screed, kuchindikala kwake, ngati pepala lakuda lilipo, malo a mphako, tsiku ndi nyengo imene anapima. Pepala limeneli limateteza onse awiri tsiku la mkangano. TEVETA, imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi bungwe limene limalembetsa makontilakitala, ali ndi mphamvu yoika kuzindikira screed yakale, kupima chinyezi ndi kusamala asbestos pakati pa zinthu zimene woyala matailosi aliyense ayenera kuonetsa kuti akuzidziwa. Ogulitsa miyala nawonso auze wogula kuchuluka kwa madzi amene mwala uliwonse umamwa, monga amamuuzira mtengo.

Nthawi zina kufufuza kudzabweretsa yankho losakoma: kuti screed yonse igumulidwe n'kuyambiranso ndi pepala lakuda, kapena kuti nyumbayi, pamalo pamene ili, siiyenera marble woyera ndipo slate kapena tailosi wamba ndiyo ingapirire, kapenanso kuti simenti yofiira ija ingotsukidwa n'kusiyidwa momwemo. Yankho lotero ndi bwino kulimva ndalama zikadali m'thumba. Kwa inu amene mukukonzekera kuyala miyala chilimwe chikubwerachi, matani pulasitiki wanu pansi mu February, m'zipinda zonse, ndipo mmisiri amene angakane kukumba kabowo kuti aone za pansi musamupatse ntchitoyo.